Kufufuza Chimene Chikuchititsa Browser Kudzitseka Yokha

Browser ndi pulogalamu ya pakompyuta imene timatsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox ndi Edge. Pulogalamuyi ikayamba kumadzitseka yokha, ntchito imaima. Wophunzira amene amadzaza fomu yofunsira malo, kapena kutumiza ntchito ya m'kalasi tsiku lomaliza, amangoona kuti zonse zimene analemba zapita. Zikatere, ambiri amathamangira kuichotsa browser ija n'kutsitsa ina yatsopano. Bandulo imatha, koma mawa lake vuto lija limabweranso. M'nkhani ino tiona chifukwa chake njira imeneyi kawirikawiri sithandiza, ndiponso mmene munthu angapezere gwero lenileni la vutolo.

Choyamba tiyenera kudziwa kuti browser ili ndi mbali ziwiri zimene zimasungidwa malo osiyana. Mbali ina ndi pulogalamu yeniyeniyo. Mbali inayo ndi foda yotchedwa profile, mmene mumakhala zonse za mwini wake: mawu achinsinsi, masamba amene anasunga, mbiri ya kumene wakhala akulowa, ndi timapulogalamu toonjezera totchedwa ma extension. Pa Windows foda imeneyi imabisika mu AppData. Munthu akachotsa Firefox, profile imatsala, ndipo Firefox yatsopanoyo ikangoikidwa imaitola n'kupitiriza nayo. Chrome nayonso imaisiya, pokhapokha munthu atachonga kabokosi kouza kompyuta kuti ifufute zonse. Choncho ngati nthenda ili mu profile, kuikanso pulogalamu kuli ngati kusintha ndowa pomwe matope ali m'chitsime.

Tisanakhudze chilichonse, ndi bwino kuonetsetsa chimene chikufa. Pamene kampani ya Google inatulutsa Chrome mu 2008, inaikonza moti masamba aziyenda m'zigawo zosiyana, kuti tsamba limodzi likafa lisagwetse anzake. Firefox inayamba kutsata njira yomweyi mu 2016. N'chifukwa chake nthawi zina tsamba limodzi lokha limaonetsa uthenga wakuti "Aw, Snap!" pomwe ena akugwira bwinobwino. Apa wolakwa amakhala tsambalo kapena kuchepa kwa malo mu RAM. Koma windo lonse likamazimiririka, vuto lili mkati ndithu, ndipo kompyuta yonse ikamauma kapena kuzima, browser yangokhala mboni chabe. Tingaonenso tsiku ndi nthawi imene Firefox inagwa polemba about:crashes pamalo olembapo adiresi, kapena chrome://crashes pa Chrome. Tsiku limene vuto linayamba ndi lofunika kwambiri, pakuti limatikumbutsa chimene tinaika kapena kusintha pa nthawiyo.

Lamulo lalikulu pa ntchito yonseyi ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Munthu akasintha zinthu zisanu nthawi imodzi ndipo vuto n'kutha, sadziwa chimene chamuchiza, ndipo likadzabweranso adzayambira pomwe paja. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyambira pabwino ndi ma extension. Firefox ili ndi njira yotchedwa Troubleshoot Mode, imene isanafike 2021 inkadziwika kuti Safe Mode. Pa Windows timailowa podina batani la Shift n'kuligwira pamene tikutsegula Firefox. Ikatseguka motere, ma extension onse amakhala atagonekedwa. Pa Chrome, windo la Incognito silitsegula ma extension pokhapokha mwini wake atawalola. Vuto likatha, ndiye kuti tayandikira wolakwayo. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi ma extension 16. Safunika kuwayesa limodzilimodzi. Adzutse 8 okha. Browser ikagwa, wolakwa ali mwa 8 amenewa. Ikapanda kugwa, ali mwa enawo. Gulu loganiziridwalo aligawenso pawiri kuti atsale 4, kenako 2, kenako limodzi. Poyesa kanayi kokha wamupeza. Kunena zoona, munthu amene ali ndi ma extension 16 ayenera kudzifunsanso kuti ndi angati amene anawaika yekha, chifukwa ena amalowa mozemba pamodzi ndi mapulogalamu aulere.

Komabe pali msampha umodzi. Troubleshoot Mode imazimitsanso chinthu china chotchedwa hardware acceleration. Iyi ndi njira imene browser imapatsira ntchito yojambula zithunzi ndi mavidiyo ku chipangizo chapadera cha zithunzi cha m'kompyuta, kuti zinthu ziziyenda msanga. Chipangizochi chimalamulidwa ndi kapulogalamu kotchedwa driver, ndipo driver akakhala wakale kapena wolakwika amagwetsa browser, makamaka munthu akatsegula vidiyo kapena mapu. Motero ngati ma extension onse apezeka osalakwa, tilowe mu Settings, tizimitse hardware acceleration, n'kutsegulanso browser. Vuto likatha, mankhwala okhalitsa ndi kuika driver watsopano wochokera kwa amene anapanga kompyutayo. Malangizo akale ambiri amaloza chala Flash, koma Adobe inasiya kuithandiza pa 31 Disembala 2020, ndipo ma browser a masiku ano sayiyendetsanso.

Za RAM n'zosavuta kuzitsimikiza. Pa Chrome, kudina Shift ndi Esc pamodzi kumaonetsa kuchuluka kwa malo amene tsamba lililonse likudya. Laputopu ya 4 GB, ngati zambiri zimene ophunzira amagula zogwiritsidwa kale ntchito, singasenze masamba 30 pamodzi ndi Word komanso vidiyo.

Zonsezi zikakanika, tibwerere ku profile ija. Browser imalemba m'mafayilo ake pafupifupi nthawi zonse, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi ili mkati molemba, fayilo ikhoza kuonongeka. Makompyuta a padesiki opanda batire ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi. Njira yoyesera ndi kupanga profile yatsopano, osati kufufuta yakaleyo. Pa Firefox timalemba about:profiles, pomwe pa Chrome timaonjezera munthu watsopano. Yatsopanoyo ikamayenda bwino, ndiye kuti yakale ija ndiyo yadwala. Firefox ilinso ndi batani la Refresh Firefox, limene limasunga mawu achinsinsi ndi masamba osungidwa, n'kuchotsa ma extension, kenako kuika profile yakale mu foda yotchedwa Old Firefox Data pa desktop. Kufufuta profile ndi manja musanaikopere kwina n'kutaya mawu achinsinsi a zaka zambiri, ndipo palibe katswiri amene angalonjeze kuwabweza.

Kuyesa browser ina kumathandizanso, koma pafunika kusankha bwino. Kuyambira mu Januwale 2020, Edge imamangidwa pa maziko a Chromium, omwenso Chrome imamangidwapo. Ziwirizi zikhoza kugwa pa chifukwa chimodzi, choncho umboni wa Edge pa mlandu wa Chrome ndi wa m'bale. Mboni yabwino ndi Firefox, imene ili ndi injini yakeyake yotchedwa Gecko. Chrome ndi Firefox zikamagwa zonse, tiyang'ane kunja kwa browser: antivirus imene imalowerera ntchito za browser, vairasi, kapena RAM yoonongeka. RAM yotere imasokoneza chifukwa imagwetsa mapulogalamu pa nthawi zosiyanasiyana popanda dongosolo. Windows ili ndi pulogalamu yoiyesera yotchedwa Windows Memory Diagnostic, ndipo ikapeza zolakwika, chofunika ndi kusintha kachipangizo ka RAM.

Pali makompyuta ena amene vuto lake ndi ukalamba. Chrome yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi ya nambala 109, imene inatuluka mu Januwale 2023, ndipo Firefox inalekezera pa 115. Masamba a pa intaneti akusinthabe, pomwe Chrome ya pamakina oterewa inaima pomwepo. Mwini wake akhoza kuyesa njira zonse tafotokozazi, koma tsamba lina likamakanabe, chotsala ndi kuika Windows yatsopano ngati makinawo angaisenze, kapena kuikamo Linux, imene imayenda bwino pa makompyuta akale ambiri ndipo imalandira Firefox yatsopano.