Mpope sukoka madzi, umangowapatsa malo

Mvula ikatha, m'madimba a ku Tsangano ndi ku Lizulu mumakhala pikitipikiti, alimi akuthirira kachewere, kabichi ndi tomato. Amene ali ndi thiredo pampu amadziwa khalidwe lake: chitsime chikaphwa n'kutsika kwambiri, ungapalase mpaka thukuta kamukamu, kupaipi kumangotuluka phuma. Ambiri amathamangira kunena kuti mpope watha. Nthawi zina mpopewo umakhala ulibe mlandu.

Nkhani yagona pa mpweya. Ngakhale sitiumva, mpweya umalemera, ndipo umakanikiza chilichonse ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo kongofanana ndi chikhadabo. Mlimi akaponda, pisitoni imakwera n'kusiya m'paipi malo a mpweya wochepa kwambiri, amene asayansi amati vakyumu. Mpweya wa panja umapanikiza madzi a m'chitsime, ndipo madziwo amathawira m'paipimo. Palibe chowakoka.

Mphamvu yokankhayi ili ndi malire. Evangelista Torricelli wa ku Italy anasonyeza zimenezi mu 1643 ndi chubu chagalasi chodzaza mercury: mercury uja anatsika n'kuima pa masentimita 76, pamwamba pake n'kutsala malo opanda mpweya. Akanakhala madzi akanaima pa mamita 10.3. Koma mpope weniweni, wa malabala operepeseka ndi mfundo zomanga ndi chingwe cha chubu, umalekera pa mamita 7 kapena kuchepera apo. Kumapiri ngati ku Tsangano mpweya ndi wopepukirako kusiyana ndi kuchigwa cha Bwanje, choncho malirewo amafupikanso.

Nanga mjigo umatunga bwanji madzi a pa mamita 30 kapena 40? Sudalira vakyumu. Silinda yake imakhala pansi, m'madzi momwemo, ndipo pisitoni imawanyamula kuchokera kumeneko. Apa a ku Ntcheu ayenera kunyada pang'ono: kuchigwa cha Livulezi n'kumene mpope wa Maldev unayesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mwa iwo munabadwa Afridev amene wadzaza m'midzi ya mu Africa lero.

Vakyumu ili ponseponse. Pakati pa makoma awiri a fulasiki anachotsamo mpweya, n'chifukwa chake tiyi wa m'mawa amafika masana akadali wotentha. Kuchipatala, timabotolo tina totengera magazi timadzaza tokha singano ikalowa mumtsempha, ndipo kumatenite azamba amagwiritsa ntchito kachipangizo kogwira mutu wa mwana ndi vakyumu pamene mayi watopa. Makolo athu polumika ndi nyanga ankachita zomwezo, ngakhale kutemana ndi lumo limodzi masiku ano n'kuitana matenda.

Tsono mlimi, mpope ukayamba kukana, usanakakongole ndalama ya wina, yeza kaye pamene madzi afika. Ngati atalikira, utsitsire pafupi nawo. Ngati ali pafupi, fufuza labala ndi mfundo zonse za paipi, pakuti kabowo ngakhale kang'onong'ono kolowetsa mpweya kamaimitsa ntchito yonse.