Kupulumutsa Matabwa Otsalira m'Zigwagwa

Alangizi amene amayendera ocheka matabwa ku Chikangawa kapena m'minda ya bulugama amaidziwa milu ya zigwagwa yotsala pambali pa macheka onyamulika. Zambiri mwa izo zikadali ndi thabwa m'kati mwake. Kuti lituluke, pafunika thebulo lochekerapo kachiwiri, limene mmisiri wowotcherera zitsulo angathe kupanga.

Mwa masiku onse, mutu wa macheka ndiwo umayenda pa njanji, chipika chili chigonere. Apa mutuwo umamangidwa malo amodzi, ndipo chigwagwa ndicho chimakankhidwa kudutsa pa lamba wa mano.

Thebulolo likhale la chitsulo chosalala, lomangidwa ndi mabawuti pa njanjiyo. Mpata wa pakati pa thebulo ndi lamba ndiwo kuchindikala kwa thabwa. Uyesedwe kumanzere ndi kumanja. Ukasiyana ngakhale pang'ono, matabwa onse atuluka opendekeka, ndipo kalipentala sangawagule. Chotchinga cha m'mbali chiikidwe kumene mano amakokera.

Mbali yochekedwa kale igone pansi. Pamwamba pakhale gudumu lopanikiza, makamaka pa bulugama, amene amapindika akangochekedwa. Lamba amadya mamilimita 2 kapena 3 okha, motero ngakhale chigwagwa chopyapyala chimapereka thabwa la mng'oma wa njuchi.

Pomalizira, wokankha agwiritse ntchito ndodo, osati dzanja.