Poyeza sukulu ya boma ya m'tauni, kholo liyambire ku sitandade 2

Bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a sitandade 8, nkhani m'maminibasi, m'misika ndi m'magulu a WhatsApp imakhala imodzi: sukulu yakuti yatumiza ana angati kusekondale. Makolo ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Kawale, Area 25 kapena Chibavi amasankhira mwana sukulu potengera chiwerengero chimenechi. Ena amafika posamutsa mwana pakati pa chaka, n'kumamulipirira kabaza tsiku ndi tsiku kuti akaphunzire kumene kwamveka kuti amakhozetsa. Chiwerengerocho sichinama ayi, koma chimanena zochepa kwambiri za zimene mwana wa zaka 6 akakumane nazo akalowa pachipata cha sukuluyo.

M'zaka zaposachedwapa, ana oposa 80 pa 100 alionse olemba mayesowa m'dziko muno akhala akukhoza, kotero kukhoza pakokha sikusiyanitsa kwenikweni sukulu ina ndi inzake. Kusankhidwa nakonso kumadalira malo amene alipo mu folomu 1, ndipo malowo ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza. Sukulu yoyandikana ndi sekondale yoyendera yokhala ndi malo ambiri ingaoneke yamphamvu kuposa ina yophunzitsa bwino koma yopanda sekondale pafupi. Palinso njira zokometsera zotsatira zimene aphunzitsi amazidziwa bwino lomwe. Ana ofooka amabwerezedwa mu sitandade 7 kuti asakaipitse mbiri, pamene m'kalasi la mayeso mumadzaza obwereza kachiwiri kapena kachitatu pofuna sekondale yogonera konko. Ambiri mwa osankhidwawo amakhalanso kuti makolo awo ankawalipirira maphunziro apadera madzulo, ndiye ulemu umene sukulu imalandira mwina ndi wa thumba la makolo.

Funso lothandiza ndi lakuti ana amene anayamba sitandade 1 anatsala angati pofika sitandade 8. Yankho lake silobisika. Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu aliyense mumakhala bolodi kapena pepala la pakhoma losonyeza chiwerengero cha anyamata ndi atsikana m'kalasi lililonse. Ngati sitandade 1 ili ndi ana mazanamazana koma sitandade 8 ili ndi kagulu kochepa, kholo liyenera kufunsa kumene enawo anathera. Ena anasamuka, monga mmene moyo wa nyumba zalendi ulili, koma ambiri amakhala kuti anabwereza mpaka kutopa n'kusiya.

Kuthithikana kwa m'makalasi oyambirira kuli ndi chiyambi chake. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kumanga zipinda sikunayenderane ndi chiwerengerocho mpaka lero. Unduna wa maphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osaposa 60. M'tauni muyeso umenewu umatha kusocheretsa, chifukwa aphunzitsi amakhalapo ochulukirapo kusiyana ndi kumudzi. Chosowa ndi zipinda. Si zachilendo kupeza aphunzitsi awiri kapena atatu akusinthana pa kalasi limodzi la ana oposa 100, mmodzi akuphunzitsa pamene anzake akudikira panja. Pa pepala sukulu yotere imaoneka yokwanira, koma mwana wokhala kumbuyo samva kanthu. Choncho m'malo mofunsa za aphunzitsi onse a pasukulupo, kholo lifunse kuti m'chipinda chimene mwana wake akakhale muli ana angati, ndipo ngati sukuluyo imaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana, lidziwe maola enieni amene mwanayo azikhala m'kalasi.

Koma muyeso wopambana yonse ndi kuwerenga. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, amene anayesa ana a sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi anali kumapeto pa luso la kuwerenga. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma linakhazikitsira ndondomeko ya National Reading Programme mu 2016, yokhudza sitandade 1 mpaka 4, kuti ana aziyamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, mawu ndi ziganizo. Chichewa chimalembedwa monga mmene chimamvekera, ndipo mwana wophunzitsidwa bwino amayenera kukhala akuwerenga nkhani yaifupi pomaliza sitandade 2. Amene wadutsa pamenepa asanagwire kuwerenga amavutika pa phunziro lililonse, makamaka akafika m'makalasi apamwamba mmene zonse zimadalira Chingerezi.

Kuyesa zimenezi sikulira digiri. Kholo lingapemphe ana awiri kapena atatu a anansi, ophunzira sitandade 2 kapena 3 pasukuluyo, kuti aliyense payekha awerenge ndime imene sanaionepo, kaya ya m'nyuzipepala kaya ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi, kenako afotokoze zimene wamva. Mawu akuti payekha ndi ofunika. Kalasi lobwereza mokweza pambuyo pa mphunzitsi limamveka bwino kwa munthu wodutsa pamsewu, chikhalirecho theka la anawo likungotsatira milomo ya anzawo. Makope a ana omwewo amanenanso zambiri. Madeti olumphalumpha amasonyeza masiku amene sikunaphunzitsidwe, ndipo ntchito yosachongedwa kwa masabata angapo imasonyeza kuti palibe akuona pamene mwana akulakwitsa. Mabuku nawo ayenera kukhala m'manja mwa ana, popeza pali sukulu zimene zimawatsekera m'kabati poopa kuti ang'ambika.

Pano mpofunika kuchenjeza za Chingerezi. Makolo ambiri a m'tauni amagoma akamva mwana wamng'ono akulakatula ndakatulo kapena kupereka moni m'Chingerezi, ndipo ichi ndicho chimakokera ena ku tisukulu tolipira totsegulidwa m'nyumba zogona. Kuloweza ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wowerenga bwino chilankhulo chimene amachimva savutika kusamutsira lusolo ku Chingerezi, pamene woloweza amagwidwa tsiku limene wapatsidwa tsamba lachilendo.

Kuchoka m'kalasi, ulendo ulunjike kuzimbudzi, ndipo kholo lisachite manyazi kupempha kuziona. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha mliri wa kolera, chikumbutso chakuti madzi ndi ukhondo si nkhani yapambali. Mpope wouma chifukwa cha bilu yosalipira, zimbudzi zopanda zitseko ndiponso kusowa kwa chipinda chosinthira atsikana otha msinkhu zimachititsa ana kujomba. Phala, kumene lilipo, limathandiza kwambiri ana obwera osadya kanthu. Bungwe la Mary's Meals linayambira ntchito yake muno m'Malawi mu 2002, ndipo ophika amakhala makolo odzipereka, amenenso amadziwa zenizeni za sukuluyo kuposa wina aliyense.

Za kayendetsedwe ka ndalama zimaoneka msanga. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere ndiponso okakamiza. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi komanso gulu la amayi loona za atsikana, ndipo boma limatumiza thandizo la ndalama zotukulira sukulu limene anthu amalitchula kuti SIG. Pamene zinthu zikuyenda, ndalama zolowa ndi zotuluka zimalengezedwa pamsonkhano wa makolo, chopereka chilichonse chimakhala ndi lisiti, ndipo mwana sabwezedwa pakhomo chifukwa cha ndalama ya mlonda. Mphunzitsi wamkulu amene amakwiya akafunsidwa za izi wayankha kale funsolo. Amene akufuna kumva mbali ina angapite kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, PEA, yemwe ofesi yake imakhala pa TDC ndipo amayendera sukulu zonse za m'deralo.

Nthawi yopitira kusukuluko nayo ili ndi ntchito. Tsiku lotsekera, pamene pasesedwa ndipo ana akuvina, silisonyeza kanthu. Bwino kufika m'ma 7 koloko m'mawa pakati pa teremu, kuona aphunzitsi amene afika belu lisanalire ndi makalasi amene akhala opanda munthu kutsogolo, kenako kubweranso tsiku lina la mvula kuti zidziwike kumene ana ophunzirira pansi pa mtengo amapita. Ulendo womwewo, kholo liyende wapansi kuchokera kunyumba pa liwiro la mwana wa zaka 6, likuwerenga misewu ikuluikulu ndi mitsinje imene mwanayo aziwoloka yekha kawiri pa tsiku.