CIPATALA CA KU CHIFUNDA: KUMENE MUDZI WONSE UMAGWIRA NCHITO YA UMOYO

Caka cina m'nyengo yotentha, kucipatala kumene ndigwira nchito anatibweretsera mnyamata wa zaka 14. Anacokera ku Chifunda kudzakhala ndi amalume ake m'komboni muno m'tauni. Thupi linali kutentha, mutu unali kuwawa, ndipo anali atamwa kale kawiri mankhwala a malungo ogula pasitolo. Titapima magazi, malungo sanapezeke.

Ambuye ake aakazi, amene anabwera naye, ndiwo anatitsegula maso. Anati, “A dokotala, mubvuleni malaya muone kumsana. Kwathu pa tsiku la sikelo anatiphunzitsa kuti cotupa cotere cisamabisidwe.” Kumsana kunali cotupa cofiira pamene kashembe anamuluma. Tinaika dontho la magazi pa makina oonera tizilombo, ndipo tinapeza tizilombo ta kaodzera. Mnyamatayo analandira mankhwala nacira. Cimene cinamupulumutsa ndi mau amene ambuye ake anamva atakhala pansi pa mtengo pa cipatala caching'ono ca kwao.

Chifunda ndi dziko la mfumu ya Asenga m'boma la Chama, ku cigwa ca Luangwa. Lili m'dera losungirako nyama la Musalangu, ndipo kutsidya kwa mtsinje kuli nkhalango ya North Luangwa. Boma la Chama linacotsedwa ku Cigawo ca Kum'mawa mu 2011 kupita ku Muchinga, koma mu 2021 linabwezedwa kwathu. Ambiri a ife m'makomboni a ku Chipata ndi Lundazi tili ndi abale kumeneko, ndipo mpunga wa ku Chama timaudya.

Amene anafikako adziwa mabvuto a njira. Mvula ikagwa mokwanira, mitsinje imadzaza ndipo dothi lakuda la m'cigwa limagwira matayala a galimoto. Ng'ombe n'zocepa cifukwa ca kashembe, conco ngolo yonyamulira wodwala siipezeka wamba. Wodwala amayenda pa njinga kapena pa macila. Usiku anthu amaopa njobvu m'njira. Cipatala cacikulu cili kutali, ku boma. Pa cifukwa cimeneci, cipatala ca kumudzi sicingadikire kuti odwala afike atatheratu. Nchito yake yaikulu ndi kupeza matenda asanakule, ndipo anamwino paokha sangaikwanitse.

TSIKU LA SIKELO

Monga pa zipatala zina za kumidzi, tsiku lodzaza anthu ndi la sikelo. Azimai amalawira mbandakuca, ana kumsana, khadi m'kapepala ka pulasitiki kuopa mame ndi mvula. Mwana amaikidwa pa sikelo, kulemera kwake kumalembedwa pa khadi, ndipo mzere ukayamba kutsika anamwino amafunsa za kadyedwe kunyumba. Katemera amaperekedwa pomwepo. Wa cikuku amabaya pa miyezi 9 ndi kubwereza pa miyezi 18, ndipo wacibwerezayu ndiye makolo ambiri amaiwala, kumudzi ndi m'tauni momwe. Kawiri pa caka pali sabata ya umoyo wa ana, pamene ana amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Amai apakati nawonso ali ndi tsiku lao. Amapimidwa magazi ndi kuthamanga kwake, amalandira mapilitsi oonjezera magazi, neti ya udzudzu, ndi Fansidar woteteza ku malungo mimba ikapitirira miyezi itatu. Ciyambire mu April 2006 boma linacotsa malipiro pa zipatala za kumidzi, ndipo mu 2012 linacotsanso pa makiliniki a m'tauni.

Koma tsiku la sikelo si la mankhwala okha. Azimai a midzi yotalikirana amaonana, amamva za maliro ndi maukwati, amauzana mtengo wa mpunga. Podikira pamzere m'pamene maphunziro a zaumoyo amacitikira, m'cinenero cao ca Cisenga. Pamenepo m'pamene ambuye aja anamva za cotupa ca kashembe.

ANTHU OGWIRA NCHITO M'MIDZI

Pa kusintha kwa kayendetsedwe ka zaumoyo kumene kunayamba mu 1992, boma linakhazikitsa makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi m'makomboni, ochedwa Neighbourhood Health Committee. Anthu a m'komiti amasankhidwa ndi anzao. Iwo amalengeza tsiku limene anamwino adzafika kumudzi ndi katemera, amayang'anira zitsime ndi zimbudzi, ndiponso amapereka madandaulo a anthu kucipatala. Kumene kufunika kuumba njerwa za nyumba yodikiriramo amai apakati, a komiti ndi a nyakwawa ndiwo amamemeza anthu.

Palinso magulu a SMAG, amene anayamba mu 2003. Awa ndi amuna ndi akazi odzipereka oyendera amai apakati. Amawakumbutsa kukonzekera nsalu ndi kamba, ndi kusamukira pafupi ndi cipatala mwezi womaliza, makamaka ngati mwana ayembekezeka m'dzinja. Mai akayamba kutaya magazi mtsinje utadzaza, palibe amene angamuolotse msanga. Kuyambira mu 2011 boma linayambanso kuphunzitsa ku Ndola athandizi a zaumoyo a m'midzi, amene anali kuphunzira caka cimodzi nabwerera kukatumikira kwao.

MATENDA AWIRI A M'CIGWA

Kaodzera wa kuno kwathu ndi wa msanga. Amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, nthawi zina cotupa pamalo olumidwa. Tizilombo tikalowa mu ubongo, munthu amasokonezeka nzeru, amagona usana ndi kusowa tulo usiku. Akapanda kulandira mankhwala amamwalira m'masabata kapena miyezi yowerengeka. Kale wodwala wotere anali kubayidwa melarsoprol, mankhwala aukali amene paokha anali kupha pafupifupi munthu mmodzi pa 20 aliwonse. Mu 2024 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo, olemera makilogalamu 20 kapena kuposa, azipatsidwa mapilitsi a fexinidazole, akumwa ndi cakudya masiku 10. Mapilitsiwa anayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda.

Matenda ena ndi anthrax. Mu 2011 mvuu zoposa 80 zinafa mu Luangwa m'boma la Chama, ndipo anthu oposa 500 anadwala cifukwa cosenda, kunyamula ndi kudya nyamayo. Ena anamwalira. Ofufuza anapeza kuti njala ndi kusowa ndiwo n'zimene zinakankha anthu kudya nyama yofa yokha. Pakhungu anthrax imabweretsa cilonda cakuda pakati, cotupa m'mbali. Ikalowa m'mimba, munthu amasanza ndi kutsegula magazi. Imacira ngati munthu afika msanga kucipatala. Dziwani kuti kuyanika nyama padzuwa kapena kuifutsa pa utsi sikupha tizilombo timeneti, conco nyama youma imatha kufika nato mpaka ku msika wa m'komboni.

MBALI YATHU IFE A M'TAUNI

Coyamba, mlendo wocokera ku cigwa akadwala, kapena inu mukadwala mutabwerako, uzani anamwino kumene munali. Magazi akaonetsa kuti malungo mulibe koma thupi likutenthabe, bwererani kucipatala ndipo chulani za kashembe. Musapitirize kugula mankhwala pasitolo.

Caciwiri, musagule nyama ya m'chire youma imene simudziwa mmene inafera, ngakhale wogulitsa akhale mlamu wanu.

Cacitatu, ngati mlongo wanu kapena mpongozi ali ndi pakati kumudzi, tumizani thandizo mvula isanayambe. Ambiri amalephera kukadikira pafupi ndi cipatala cifukwa cosowa ufa, sopo ndi zitenje. Ndalama yotumiza mu October imagwira nchito yaikulu kuposa yotumiza pa maliro mu February.

Pomaliza, kiliniki ya m'komboni mwanu nayonso ili ndi komiti ya zaumoyo. Kodi mudziwa amene alimo? Kodi munapitako ku msonkhano wake? Ku Chifunda anthu amayenda mtunda wautali kuti akamve maphunziro a pa sikelo, pamene ife kiliniki ili pafupi koma timatuma mwana wamkulu kukapimitsa mng'ono wake. Mwezi uno, amai ndi abambo, tengani khadi la mwana mupite nokha, mukhale pamzere ndi kumvetsera.