KUPATSA NKUIKA: ZA KUSONKHERA ANA OPHUNZIRA MALAMULO

Pakati pa anthu ogwira nchito m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, m'mapiri a kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, kusonkha ndalama si chinthu chachilendo ai. Munthu akamwalira pa komboni mbale imayenda khomo ndi khomo, ndipo ngakhale wosauka amaponyamo kanthu kuti mnzake aikidwe mwaulemu. Anthu ochokera ku Nyasaland, dziko limene tsopano litchedwa Malawi, anadziwika kuyambira kale m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni chifukwa cha mabungwe ao a maliro. Koma kulipo kusonkha kwina kumene sikumveka kawirikawiri, ndiko kusonkhera mwana wamoyo kuti akaphunzire malamulo. Mbiri ya mapiri omwewa isonyeza kuti ndalama zotere sizipita pachabe.

LAMULO LIMENE ANCHITO SANALIWERENGE

Tiyi anayamba kubzalidwa ku Chipinge m'chaka cha 1924 pa munda wa New Year's Gift, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa kampani ya Tanganda, imene inatenga dzina la mtsinje wa kumeneko. Ku Honde Valley minda yaikulu, monga Aberfoyle ndi Eastern Highlands, inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Tiyi afuna manja ambiri, monga adziwa bwino onse amene anaona minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Chifukwa chake eni minda analemba anthu a m'midzi yapafupi, ena ochokera ku Mozambique, ndi enanso ochokera ku Nyasaland. Ena anadza okha pansi, ena anadza ndi Mthandizi, bungwe lolemba anchito limene Boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946. Ambiri sanabwererenso kwao, nasanduka machona, ndipo ana ndi adzukulu ao ali komweko kufikira lero.

Anthu amenewa anali pansi pa lamulo la mabwana ndi anchito la chaka cha 1901, lotchedwa Masters and Servants Act. Mwa lamulo limeneli, wanchito wochoka nthawi ya pangano lake isanathe, kapena wokana mau a bwana, sanali kungochotsedwa nchito chabe, koma anali kuyesedwa wopalamula mlandu, woyenera kulipa faindi kapena kulowa m'ndende. Pamene anchito a m'mafakitale analoledwa kukhala ndi mabungwe ao obvomerezeka mu 1959, anchito a m'minda anasiyidwa kunja. Lamulo lakalelo linakhalabe pa iwo kufikira cha ku nthawi ya ufulu.

Munthu wothyola tiyi anali kudziwa mgwazo wake, tikiti yake, phoso lake ndi chitupa chake. Koma buku la malamulo limene linali kulamulira zonsezi linali m'Chingerezi, ndipo onse otha kulimasulira pa bwalo la milandu anali Azungu. Wanchito akaimirira pamaso pa woweruza anali yekha, pamodzi ndi womasulira mau wa Boma.

MWANA WA KU WATSOMBA

Munthu wakuda woyamba kutsegula khomo limeneli mu Southern Rhodesia anachokera m'boma la Mutasa, momwemo muli Honde Valley. Iye ndiye Bambo Herbert Chitepo, amene anabadwira ku Watsomba mu 1923. Atate ake anamwalira iye akali mwana wamng'ono, kotero kuti analeredwa ndi kuphunzitsidwa pa mishoni ya St David's ku Bonda. Kuchokera kumeneko anapita ku St Augustine's ku Penhalonga, kenaka ku Adams College ku Natal kumene anaphunzira uphunzitsi, ndipo mu 1949 analandira digiri yake ku Fort Hare.

Masiku amenewo munalibe sukulu ya malamulo mu Nyasaland, mu Northern Rhodesia kapena mu Southern Rhodesia. Wofuna kukhala loya woima pa Bwalo Lalikulu kawirikawiri anali kuoloka nyanja kunka ku London, nalembetsa dzina lake m'limodzi la mabungwe anai akale a maloya. Kumeneko anayenera kupambana mayeso, ndiponso, monga mwa mwambo wao, kudya chakudya chamadzulo m'holo ya bungwelo pa masiku oikika. Zonsezi zinafuna ndalama za ulendo, za fizi, za mabuku, za nyumba ndi za zobvala za m'dziko lozizira. Bambo Chitepo analowa Gray's Inn, ndipo anali kudzithandiza pogwira nchito ya chinenero cha Chishona pa sukulu ya School of Oriental and African Studies.

Mu 1954 anabwerera kwao ali loya. Koma lamulo logawa malo la 1930 silinalole munthu wakuda kukhala ndi ofesi pakati pa mzinda wa Salisbury, umene tsopano ndi Harare, ndipo Boma linachita kukonza lamulo kuti iye akhale pamodzi ndi maloya anzake. M'zaka zotsatira anaimira atsogoleri ambiri Achiafirika pa milandu yao. Mmodzi wa iwo anali Mbusa Ndabaningi Sithole, amene anagwira nchito pa mishoni za ku Chipinge. Mu 1962 Bambo Chitepo anapita ku Tanganyika, kumene anakhala munthu wakuda woyamba kuyang'anira milandu yonse ya Boma. Anaphedwa ndi bomba ku Lusaka pa 18 March 1975.

Nyasaland inadikira kufikira 1958 kuti ipeze loya wake woyamba, Bambo Orton Chirwa, amene anaphunzira ku Fort Hare ndi ku Lincoln's Inn. Akazi ao, Mai Vera Chirwa, anatsata njira yomweyo, ndipo mu 1966 anakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Chofunika kuona pa nkhani ya Bambo Chitepo ndi ichi: mwana wamasiye wa kumudzi sakadafika ku Gray's Inn akadapanda kupeza sukulu za mishoni, zimene zinali kuyenda ndi zopereka za anthu amene sanamuonepo nkhope. Amene anaponya kandalama m'mbale ya tchalitchi sanadziwe kuti alikulera munthu wodzaimira mtundu wonse.

KULIPIRA LOYA NDI KUPHUNZITSA LOYA

Mu 1956 Boma la South Africa linamanga anthu 156, pakati pao Nelson Mandela ndi Mfumu Albert Luthuli, nkuwaimba mlandu woukira dziko. Wansembe wina wa ku St Paul's Cathedral mu London, Canon John Collins, anayamba kupempha ndalama kwa anthu a ku Mangalande kuti alipire maloya ndi kudyetsa mabanja a omangidwawo. Thumba limeneli linakula, nkutchedwa Defence and Aid Fund, ndipo thandizo lake linafikanso kwa omangidwa a mu Rhodesia ndi mabanja ao.

Mu 1981 anthu a thumba lomweli anayambitsa bungwe lina la maphunziro, limene lidziwika ndi dzina la Canon Collins, lopereka mabasale kwa ophunzira a maiko a kum'mwera kwa Afirika, kuphatikizapo Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Maphunziro a malamulo ali pakati pa zimene lithandiza. Nzeru yake njosabvuta kuimva. Ndalama yolipira loya imatha tsiku limene mlandu watha, koma ndalama yophunzitsa loya imagwira nchito zaka zonse za moyo wake.

Liriponso thumba la Beit, lochokera pa chuma chimene Alfred Beit anasiya pomwalira mu 1906, lothandiza maiko atatu omwewa. Koma mabasale ake a ku yunivesite ndi a anthu amene ali nayo kale digiri yoyamba. Apa ndipo pagona bvuto la mwana wa pa komboni. Iye amakhoza mayeso a sekondale, dzina lake nkutuluka pa mndandanda wa osankhidwa, koma ndalama za chaka choyamba palibe. Mabungwe akuluakulu a kunja amakumana ndi wophunzira atakwera kale phiri, pamene ambiri amagwera m'tsinde. Oyenera kumgwira dzanja m'tsindemo ndi anthu a kwao.

LOYA SATHA ZONSE

Pasakhale wonyengeka kuti loya ndi mankhwala a nthenda iriyonse. Kumpoto kwa Honde Valley, m'boma la Nyanga, Mfumu Rekayi Tangwena ndi anthu ake anauzidwa kuti achoke pa malo a makolo ao, pakuti malowo analembedwa kuti ndi famu ya Azungu yotchedwa Gaeresi. Mfumuyo inakana, ndipo mu 1967 inapezeka yolakwa pa bwalo la milandu. Mu 1968 bwalo la apilo linafafaniza chiweruzo chotsutsa mfumuyo. Koma mu 1969 Boma la Ian Smith linatulutsa chilengezo chapadera chowachotsa, ndipo nyumba zao zinagwetsedwa.

Ena anganene kuti nkhani iyi isonyeza kuti kupita ku bwalo nkutaya nthawi. Koma chiweruzo cha 1968 chinaonetsa dziko lonse kuti anthu a Tangwena sanali akuba malo, ndi kuti Boma linachita kulambalala mabwalo ake omwe kuti liwagonjetse. Pakadapanda wodziwa malamulo woimirira pambali pa mfumuyo, anthuwo akadachotsedwa mwakachetechete monga anachotsedwera ena ambiri, popanda cholembedwa chirichonse.

MILANDU YA MASIKU ANO

Lamulo la 1901 linatha, koma adzukulu a machona anakumana ndi lina. Mu 2001 Boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, nkulamula kuti aliyense wokhala ndi mwai wa unzika wa dziko lina aukane m'miyezi 6, monga mwa malamulo a dziko linalo. Anthu ambiri obadwira m'mafamu ndi m'minda ya tiyi, amene sanaponde ku Malawi kapena ku Mozambique chibadwire, sanamve nkomwe za lamuloli, ndipo anataya unzika ndi ufulu wa kuvota. Pa zitupa zao panali mau akuti "Alien", ndiko kunena kuti mlendo.

Malamulo akulu a dziko a chaka cha 2013 anakonza zimenezi. Gawo 43 linena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira nchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akhala mu Zimbabwe, ali nzika mwa kubadwa. Koma lamulo lolembedwa silithandiza munthu wopanda kalata ya kubadwa, amene amai akenso analibe. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linalemba lipoti la bvuto limeneli, nkutchula chiwerengero cha bungwe la United Nations loona za othawa kwao, chakuti anthu ngati 300,000 mu Zimbabwe anali pa ngozi ya kukhala opanda dziko. Mwana wopanda kalata abvutika kulemba mayeso a Boma, ndipo nkhalamba yopanda chitupa ibvutika kulandira penshoni yake.

Alipo mabungwe othandiza osauka pa milandu, monga Legal Resources Foundation, loyamba mu 1984, ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights, loyamba mu 1996. Koma loya wobadwira pa komboni ali ndi chinthu chimene sukulu siphunzitsa. Iye amva Chichewa, Chindau kapena Chimanyika popanda womasulira, adziwa chifukwa chake agogo alibe mapepala, ndipo nkhalamba sichita naye mantha pofotokoza.

KAYENDETSEDWE KA THUMBA

Lero mwana sayenera kuoloka nyanja. Malamulo aphunzitsidwa pa University of Zimbabwe ku Harare, pa Midlands State University ku Gweru, ndi pa Great Zimbabwe University ku Masvingo, ndipo maphunziro ake atenga zaka zinai kapena zisanu. Malipiro a m'minda ndi ochepa, ndipo banja limodzi silingasenze katundu wotere. Koma anthu 500, aliyense akapereka dola imodzi pa mwezi, pa chaka apeza madola 6,000. Abale ao ogwira nchito m'matauni, amene alandira zochulukirapo, angathe kuonjezapo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafooketsa anthu. Choyamba ndi mantha akuti msungichuma adzadya ndalama. Mankhwala ake ndi omwe mabungwe a maliro oyenda bwino agwiritsa nchito: ndalama zikhale ku banki, osaina akhale atatu, lisiti liperekedwe kwa wopereka aliyense, ndipo buku liwerengedwe poyera pa msonkhano. Fizi itumizidwe ku sukulu komweko, osati m'thumba la wophunzira kapena la atate ake. Posankha mwana, komiti iyang'ane mayeso ake ndi umphawi wa kwao, isayang'ane kuti ndi mwana wa kapitao kapena wa wapampando, ndipo atsikana asaiwalidwe. Ndiponso asayambe ndi ana ambiri. Kuli bwino kufikitsa mmodzi kumapeto kusiyana ndi kusiya asanu panjira.

Chachiwiri ndi mantha akuti mwanayo akadzaphunzira adzapita ku Harare kapena ku Johannesburg nkuiwala amene anamsonkhera. Zotere zimachitikadi. Chifukwa chake pangano lilembedwe poyamba, lakuti pa tchuthi adzabwera kudzathandiza anthu kulemba makalata ndi kudzaza mafomu a zitupa, ndi kuti akadzayamba kulandira malipiro adzabweza gawo lina m'thumba kuti mng'ono wake apitenso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Sukulu ya malamulo ya ku Masvingo itchedwa Herbert Chitepo Law School, dzina la mwana wamasiye wa ku Watsomba. Kuchokera ku Chipinge kufika kumeneko ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi, podzera pa mlatho wa Birchenough. Chotsala ndi chakuti makolo a m'minda ya tiyi ndi abale ao a m'matauni akhale pansi, asankhe komiti, atsegule buku, ndipo mbale imene imayenda tsiku la maliro iyendenso tsiku la malipiro.