Kachilombo kamene obetcha pa akavalo a ku Kenilworth sakawerengera

Mwezi wa Januwale uliwonse, anthu amadzaza bwalo la Kenilworth ku Cape Town kudzaonera mpikisano wa akavalo wa Met. Obetcha amafika atagwira timapepala tosonyeza mmene kavalo aliyense wakhala akuthamangira, amene akumukwera, ndi kulemera kwa katundu amene wanyamula. Bwaloli linatsegulidwa mu 1882 ndipo ndi lakale kuposa mabwalo onse a mipikisano ya akavalo ku South Africa. Koma pakati pake penipeni pali nyumba imene obetchawo saiganizirako: khola lotsekedwa ndi maukonde, mmene akavalo opita kunja amabindikiritsidwa poopa nthenda ya African horse sickness.

Nthendayi inaopsezanso dziko lapansi mu 2020 itabuka ku Thailand, kumene inapha akavalo oposa 500. Ku Cape si yachilendo. Mliri wa mu 1854 ndi 1855 unapha akavalo pafupifupi 70,000.

Nthendayi imafala kudzera mwa tintchentche toluma ta mtundu wa Culicoides, tochepa kwambiri moti timadutsa bwinobwino pa neti wamba yotetezera udzudzu. Toluma ndi tatikazi tokha, ndipo timavuta kuyambira dzuwa likamalowa mpaka m'bandakucha. Kachilombo kakalowa m'thupi la kavalo, kamaswana kenaka n'kukawononga khungu la mkati mwa mitsempha ya magazi, makamaka ya m'mapapo ndi mumtima. Mitsemphayo imayamba kudontha. Madzi a m'magazi amatulukamo n'kudzaza timatumba ta mpweya ta m'mapapo. Kavalo amatentha thupi mpaka madigiri 41, amaima atatangadza miyendo, khosi atalitambasula, mphuno zili bwanthu kufunafuna mpweya, thukuta likuchita kamukamu. Kenaka thovu limatuluka m'mphuno. Nyama imene inali kuthamanga dzana imafa ngati yamira, chonsecho ili pamtunda pouma, nthawi zina patangopita maola ochepa. Pali mtundu wina wochedwerapo umene umatupitsa mutu, zikope, timaenje ta pamwamba pa maso ndi khosi. Mwa akavalo khumi osabayidwa katemera amene agwidwa, asanu ndi anayi akhoza kufa.

Chokwiyitsa n'chakuti mabodza akale sakutha. Atsamunda a ku Cape ankati nthendayi imabwera ndi mame a pa udzu kapena mpweya woipa wa usiku, ndipo mpaka lero pali anthu amene amakhulupirira zoterezi. Mame alibe mlandu. Akavalo otsekeredwa m'khola usiku ankapulumuka chifukwa tintchentche sitinkawapeza, basi. Ena amathawa kavalo wodwala poopa kutengera, ena amaumirira kuti akavalo amapatsirana pomwera madzi m'chiwiya chimodzi. Zonsezi n'zabodza. Popanda kantchentche, kavalo sangapatsire mnzake, ndipo wosamalira akavalo satenga nthendayi pogwira nyama yodwala. Koma galu angadwale akadya nyama ya kavalo wofa nayo. Mbidzi zimasunga kachilomboka osaonetsa chizindikiro chilichonse, n'chifukwa chake mbidzi zochokera ku Namibia zinakayambitsa mliri ku Spain mu 1987.

Ku Kenilworth nkhaniyi ndi ya ndalama zambiri. Mu 1997 mayiko a European Union analola kulandira akavalo ochokera m'kadera kakang'ono ka mu Cape Town komwe kulibe nthendayi. Itabuka ku Mamre, kumpoto kwa mzindawu, mu 2011, njirayo inatsekedwa. Kavalo wofuna kukapikisana ku Dubai kapena ku Britain ankayamba wakakhala masiku 90 ku Mauritius, ndipo pofika kumpikisanoko mphamvu zothamangira zinali zitachepa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2024.

Mankhwala ochiza palibe. Katemera amapangidwa ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, ndipo amabayidwa pakati pa Juni ndi Okutobala, nyengo imene tintchentche timachepa chifukwa cha kuzizira. Mitundu ya kachilomboka ilipo 9, choncho kavalo amafunika kubayidwa chaka ndi chaka. Mwini kavalo kapena bulu alowetse ziweto zake m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo akaona kutentha thupi kapena kutupa pamwamba pa maso, aitane alangizi a ziweto tsiku lomwelo.