Galu wa pa foni amene anasanduka ndalama, kenako ndale

Ambiri a ife tikatsegula foni m'mawa timapeza zithunzi zimene anzathu atumiza pa gulu la WhatsApp. Pamakhala mphaka wolusa, nyani wovala jekete kapena mbuzi imene aiikira mawu oseketsa. Timaseka, n'kutumizira ena, n'kupitiriza ntchito zathu. Zithunzi zoterezi achinyamata amazitchula kuti meme, ndipo zambiri zimaiwalika sabata isanathe. Koma chilipo china, cha galu wa ku Japan, chimene chinayenda ulendo wa zaka 15 mpaka kukalowa m'boma la America. Dzina lake linamvekanso pa nkhani ya thandizo la zaumoyo limene linachepa kuno kwathu mu 2025. Ulendo wa galuyu ungatithandize kumvetsa zimene timagawana pa foni.

Chiyambi chake

Galuyu dzina lake linali Kabosu, wamkazi, wa mtundu wa Shiba Inu. Mu 2008 mphunzitsi wina wa sukulu ya mkaka ku Japan anamutenga kumalo osungira agalu osowa mwini. Mu February 2010 mayiyo anamujambula atakhala pa sofa, miyendo yakutsogolo atapingasa, akuyang'ana cham'mbali ngati munthu amene wamva nkhani yokayikitsa. Anaika chithunzicho pa tsamba lake la pa intaneti, osaganiza zambiri.

Pofika mu 2013 anthu a m'mayiko ena anali atachitola chithunzicho. Ankalembapo timawu ta Chingerezi chothyokathyoka m'zilembo za mitundumitundu, ngati kuti ndi maganizo a galuyo. Anamupatsanso dzina loti Doge, lomwe ndi liwu la Chingerezi lotanthauza galu koma lolembedwa molakwika dala. Panalibe uthenga wina uliwonse kupatula kuseka.

Nthabwala isanduka ndalama

Mu December 2013 akatswiri awiri a makompyuta, Billy Markus ndi Jackson Palmer, anapanga ndalama ya pa intaneti n'kuitcha Dogecoin, ndipo anaikapo nkhope ya Kabosu. Cholinga chawo chinali kuseka anthu amene ankathamangira ndalama zamtunduwu, monga Bitcoin. Koma anthu anaikonda. Mu 2014 okonda Dogecoin anasonkha madola pafupifupi 30,000 okumbira zitsime ku Kenya. Apa galu uja anayamba kuimira gulu la anthu ansangala ndi opatsa.

Kenako kunabwera Elon Musk, mkulu wa kampani ya magalimoto ya Tesla. Iye ankalemba kawirikawiri za Dogecoin pa Twitter, ndipo akangolemba mtengo wake unkasuntha. Kumayambiriro kwa 2021 Dogecoin imodzi sinkakwana senti imodzi ya ku America. Mu May chaka chomwecho inadutsa masenti 70. Pofika pakati pa 2022 inali itagwa pansi pa masenti 10. Amene anagula koyambirira n'kugulitsa msanga anapata. Amene analowa mochedwa, atakopeka ndi phokoso komanso nkhope yokondweretsa ija, anataya zambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kulowa m'ndale

Russia italowa ndi nkhondo ku Ukraine mu 2022, anthu ambiri ochirikiza Ukraine anayamba kuika zithunzi zojambula za galu wa Shiba Inu m'malo mwa nkhope zawo pa intaneti. Ankadzitcha NAFO. Ankaseka mauthenga a boma la Russia ndi kusonkha ndalama zothandizira Ukraine. Mu April 2023 Musk, atagula kale Twitter, anachotsa kwa masiku angapo mbalame imene inali chizindikiro cha kampaniyo n'kuikapo Doge.

Mu November 2024 Donald Trump, atapambana chisankho, analengeza kuti akhazikitsa nthambi yochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, ndipo Musk akhala mmodzi wa oitsogolera. Anaitcha Department of Government Efficiency, dzina limene zilembo zake zoyambirira zimapanga liwu lomwe lija la DOGE. Pa 20 January 2025 Trump anasaina lamulo loikhazikitsa. Tsiku lomwelo anasainanso lina loimitsa thandizo la kumayiko ena kwa masiku 90. Bungwe la USAID, limene dzina lake tinkaliona pa zikwangwani za zipatala, pa makatoni a mankhwala ndi pa matumba a chakudya, linali m'gulu la mabungwe oyamba kukhudzidwa. Mu March 2025 nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, Marco Rubio, inanena kuti mapulogalamu 83 pa 100 alionse a USAID athetsedwa. Pofika mu July chaka chomwecho ntchito zotsala zinasamutsidwira ku unduna wake.

Ochirikiza zimenezi ankati boma la America lili ndi ngongole yaikulu ndipo ndalama zambiri zinkaonongeka. Otsutsa ankati miyoyo ya anthu iikidwa pachiswe. Kuno ku Malawi tinaona ntchito zina za HIV, malungo ndi uchembere wabwino zikuima kapena kuchepa, ndipo ogwira ntchito ena amene ankalipidwa kudzera m'thandizoli anauzidwa kuti akhale kunyumba. Galu sanadule thandizo, analidula ndi anthu. Chimene dzina lake linachita ndi kuveka nkhani yolemera chovala cha nthabwala.

N'chifukwa chiyani nyama?

Ife si alendo pa nkhani yolankhula kudzera m'nyama. M'nthano zathu kalulu ndi wochenjera, fisi ndi wadyera, ndipo agogo ankatha kudzudzula munthu osamutchula dzina. Amene anavota pa referendamu ya pa 14 June 1993 akukumbukira kuti tambala wakuda ankaimira chipani chimodzi, pamene nyali inkaimira zipani zambiri. Chizindikiro chimafika ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga.

Pa foni zimenezi zimathamanga kwambiri pa zifukwa zingapo. Nyama ilibe mtundu, chipani kapena mpingo, choncho aliyense amailandira. Siyankhulanso, ndiye aliyense amaiika mawu amene akufuna, ndipo singakane. N'chifukwa chake galu mmodzi yemweyo anakumba zitsime ku Kenya, anagulitsa ndalama ya pa intaneti, anachirikiza Ukraine, n'kudzakhalanso dzina la odula thandizo. Komanso nthabwala ndi pobisalira pabwino, chifukwa munthu akafunsidwa amangoti ndimangocheza ine. Pamwamba pa izi, Facebook ndi TikTok zimaonetsa kwa anthu ambiri chinthu chimene chikugawidwa kwambiri, kaya n'choona kaya n'chabodza. Chithunzi chikazolowereka n'kukondedwa, wamalonda kapena wandale amangochitola, n'kukolola chikondi chimene sanalime.

Tisanatumize kwa ena

Kuseka si kulakwa, ndipo zithunzi zambiri zimene timatumizirana ndi nthabwala chabe. Koma chithunzi chikabwera ndi dzina la chipani, la mtundu wa anthu, la mankhwala kapena la njira yopezera ndalama msanga, ndi bwino kuyamba taima. Tiyerekeze kuti nyamayo yachotsedwapo, patsala mawu okha. Kodi mawuwo tingawanene pakamwa pa msonkhano wathu wa amayi? Nanga amene apindule tikawafalitsa ndani? Ana athu akationetsa chithunzi chimene chikuwaseketsa, tiwafunse tanthauzo lake, chifukwa nthawi zambiri iwo amadziwa kumene chachokera. Ndipo ndalama za banki m'khonde kapena za fizi zisapite ku malonda a pa intaneti amene umboni wake ndi phokoso lokha.

Kabosu anafa pa 24 May 2024 ali ndi zaka pafupifupi 18, miyezi ingapo dzina la DOGE lisanalowe m'boma. Mumzinda wa Sakura, kumene ankakhala, anamumangira chipilala chomuonetsa ali pa sofa yake ija.